Nkhuku Zokalamba za Kuntchito Kwanga

Achemwali anga okondedwa,

Ndikupatsani moni nonse pakhomopo. Kodi miyendo ija yasiyako kutupa? Ine ndilipo, kungoti msana wayamba kundikumbutsa zaka.

Ntchito ndikadali pomwe paja, kudyetsa nkhuku za madokotala ofufuza matenda. Polowa m'khola timavala zoyera, kumutu chisoti, mapazi n'kuviika m'mankhwala, ngati tikukaona wodwala wamkulu. Mungaseke. Nkhuku zake ndi mathadzi okalamba, ena anasiya kale kuikira, oti kwathu akanaona mpeni kalekale. Kuno lililonse lili ndi nambala kumwendo.

Tsiku lina ndinagwirizira thadzi limodzi, adokotala aakazi akuliunika m'mimba ndi makina. Anandionetsa kanthu kozungulira ngati mwala. Ndinafunsa ngati linali dzira. Anati ayi, ndi chotupa, ndipo nkhuku zikamakula zimamera zotere m'njira ya mazira, mofanana ndi zimene zimamera m'chiberekero cha amayi ambiri. N'chifukwa chake amaphunzirira pa izo. Anati mayi wotere mimba imatha kukula ngati woyembekezera, akakhala kumwezi amataya magazi ambiri, amangofooka.

Achemwali, thadzi lija pang'ono kundipulumuka. Ndinaganiza za mwana wanu wachisamba. Munandiuza kuti chaka chathunthu chatha ali ndi pathupi posagunda, magazi osaleka, ndipo apongozi ake ayamba kunena kuti pali amene anamumanga.

Ndinawafotokozera adokotalawo. Anati iwo sangaweruze munthu asanamuone, koma zikakhala zotupazo, kuchipatala chachikulu cha kuno amathandiza, bola asachedwe magazi n'kumuthera. Ine sukulu sindinapite, mwina ndikuphonya. Koma mwana akalira, ngakhale nyanga ya nsatsi timamusemera. Uyu sakulira n'komwe, akungofota.

Pempho langa ndi limodzi: mukwezeni basi abwere. Adzagona pabedi panga, ine ndidzayala pansi kukhomo. Mwamuna wake akavuta, muuzeni kuti atsibweni a mkazi wake aitana, adzandifunse ine.

Tizovala ta khanda timene wakhala akusoka akafuna kunyamula, musamuletse. Zoti mwina m'mimbamo mulibe mwana musamuuze inu. Ulendo ndi wautali, asalire yekha m'basi. Adzazimve ndili pambali pake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, ndi kwa adzukulu onse.

Ndine mlongo wanu,
Atsibweni a anawo