Eyisi Yomwe Sindinaponye Msanga

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwanding'amba milomo.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni pa chinthu chomwe ndinkakudani nacho. Bambo okalamba omwe ndimawasamalira, a Dotolo, chomwe chimawadzutsa pabedi ndi chimodzi, masewera a makadi otchedwa briji, Lachinayi masana. Mnzawo wosewera naye atamwalira, anthu a ku kalabu anayamba kuwazemba, ati amaiwalaiwala. Mwana wawo wamkazi analamula kuti akakachitanso manyazi kamodzi, asadzapitenso. Choncho a Dotolo anagwira ine, nkundiphunzitsa miyezi itatu patebulo la kukhitchini, pakati pa mabotolo a mankhwala.

Amasewera anthu anayi, awiriawiri, ndipo makadi amaponyedwa maulendo khumi ndi atatu. Sabata yatha olimbana nawo athu, mayi wina wa magalasi ndi amuna ake, analonjeza kudya maulendo khumi ndi awiri. Zimenezi amati silamu. Kuti tiwagwetse tinkafunika kudya kawiri, koma ine khadi lanzeru ndinali nalo limodzi, eyisi ya dayamondi, yomwe imaposa ngakhale mfumu.

Makadi a amuna akewo anayalidwa poyera monga mwa lamulo, kuti mayiyo aziwasankhira loponya, ndipo panali mfumu ndi jeki za dayamondi. Mayiyo anaponya dayamondi wamng'ono nkundiyang'ana m'maso. Dzanja linandiyabwa, achimwene! Ndikanaponya eyisi, tikanadya kamodzi basi. Ndikanazengereza, akanadziwa kuti ili kwa ine nkusankha mfumu. Apo ndinakumbukira momwe munkanditsinira khutu pakhonde paja, mukuti nkhope yanga imaulula makadi ngati ya mwana woba shuga. Ndinaponya kakang'ono msangamsanga, nkhope ili gwa.

Mayiyo anasinkhasinkha, naitana jeki. A Dotolo anamupha ndi mfumukazi. Kenaka anachedwa kuponya khadi lina, mpaka ndinachita mantha kuti aiwala pomwe tili. Ayi ndithu, ankawerenga. Anabweza dayamondi, eyisi yanga nkudya, silamu ija nkugwa.

Ndinasangalala mpaka misozi. Potuluka a Dotolo anauza aliyense kuti ine si wantchito wawo koma mnzawo wa patebulo. Titafika kunyumba sanadzitame. Anangouza mwana wawo kuti awagulire malaya atsopano a Lachinayi, ndipo iye anatuluka panja kukalira.

Pempho langa ndi limodzi. A Dotolo akufuna kuona munthu amene anandiumitsa nkhope, ndiye munditumizire chithunzi chanu. Chonde muyambe mwameta ndevu, musandichititse manyazi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti makadi omwe ankakukalipirani aja adzutsa munthu pabedi. Zikomo, achimwene, khutu lija linapola.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira