Mlendo wagona m'bafa

Amake Angel,

Mukafika kuchokera ku shifiti musakuwe. Chagona m'bafacho ndi botolo la nitrous, mpweya wowonjezera liwiro la galimoto, la Escort yathu ija. Pepani, ndikudziwa kuti mwayenda njira yonse mukulota madzi osamba.

M'garaja mwazizira koopsa, ndiye presha ya m'botolomo yatsika. Ikatsika, petulo amachuluka kuposa mpweyawo, galimoto n'kumangotsokomola, ndipo mawa ku mpikisano wa magalimoto andiseka. Mnzanga Bishop amati tiliwambe ndi moto. Ndamuuza kuti ine ndili ndi mkazi ndi mwana, choncho ndangoliviika m'madzi ofunda.

Ndathamangira ku Wolverhampton kukagula paipi ina, yakaleyo ikudontha ndipo shopu amatseka masana. Chonde musawonjezere madzi otentha. Likatenthedwa kwambiri, kachitsulo kotetezera kamaphulika, mpweya wonse n'kudzaza m'nyumba. Pa geji yoonetsa presha ya botololo ndadonthezapo kadontho kofiira. Muvi ukafika pamenepo, tulutsani madzi onse ndipo mutsegule windo. Musalinyamule, n'lolemera, ndipo Angel asalowemo ndi timabakha take toseweretsa.

Kofiirako ndi kyuteksi wanu wa ku tchalitchi uja. Thaulo lomwe botololo latsamira ndi lanunso. Milandu iwiri yonseyi ndaivomera, ndilipira ndi tchipisi cha ku Lozells Road, kenako madzi osamba ndikukonzerani ndekha.

Mumakonda kunena kuti galimotoyi ndi mkazi mnzanu. Chabwino, koma lero moyo wake uli m'manja mwanu, ine mtima uli m'malo. Mkazi wamkulu ndinu.

Wanu yemwe uja,
Kondwelani