Kabureta Imene Unatenga

Kwa Likoswe,
Chiradzulu.
14 Seputembala, 2003.

Wokondedwa mlongo wanga Lloyd,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Doreen ndi ana. Kodi chifuwa chija chimakuvutabe nyengo yozizira? Kuno tilipo. Amayi mwendo ukuwapwetekabe, koma ndi ndodo akumafika kutchalitchi. Chimwemwe ali ku Zomba, watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize za unamwino. Vincent akukonzekera mayeso a folomu 4. Ine ndikuphunzitsabe sitandade 6.

Keyala yako yatsopano andipatsa ndi a Bernard, aja munakwera nawo basi imodzi popita ku Joni. Ndi iwonso akupatse kalatayi pamanja. Ndawapempha kuti asachoke pakhomo pako usanaiwerenge yonse.

Nkhani ndi iyi. Alamu ako, a Tikhala, achoka pakhomo pano. Ino ndi sabata yachitatu ali kwawo kwa Kadewere. Ndikufotokozera bwinobwino kuyambira pachiyambi, chifukwa mbali ina ya mlanduwu ndi yako, mbali ina ndi yanga, ndipo sindifuna kubisa iliyonse.

Ukuikumbuka galimoto ya Pijo ija anagula mu 1995 atapuma ntchito ya ulangizi. Inali nkhalamba kale pamene inkafika. Iwe unkaiseka kuti ili ndi zaka zofanana ndi ine. Koma sindikudziwa ngati unaonapo mmene ankaisungira, poti iwe unkangoikwera.

Loweruka lililonse m'mawa ankayala saka pansi n'kutsegula boneti. Mapulagi ankawapala ndi sandipepala. Gasiketi ikatha ankadula ina pa katoni n'kuipaka girisi. Paipi ya madzi ikang'ambika ankaimanga ndi lekeni. Mabuleki okha ndi amene sankachita nawo masewera. Amenewo ankagula enieni, ngakhale tigulitse mbuzi. Kwacha itagwa, kachitsulo kokwana m'dzanja kanayamba kudula kuposa malipiro anga a mwezi. Akapita m'masitolo a ku Limbe, anyamata ankawauza kuti, madala, za Pijo sitikuitanitsanso, gulani Toyota. Iwo ankabwerako akuseka, n'kukhala pansi kuganiza njira ina.

Mwina unkadabwa kuti munthu wamkulu akuvutikiranji ndi chigalimoto chotha. Iwe sunakhalepo pachikamwini, unakwatira m'tauni, choncho ndikuuze. Mwamuna wokhala kwa mkazi wake alibe chake. Munda umene amalima ndi wathu. Nyumba imene anamanga ili pa dothi lathu. Ana amene anabereka, pakakhala nkhani, amafunsidwa ndiwe osati iye. Galimoto ija ndiyo chinthu chokhacho chimene chinali cha a Tikhala pamudzi pano. Inkanyamula odwala kupita kuchipatala, kabichi ndi tomato kupita ku Limbe. Inanyamula bokosi la malume athu. Chifukwa cha iyo anthu anasiya kuwatchula kuti akamwini, anayamba kuwatchula kuti abambo.

Ndiye unabwera iwe pa Khirisimasi ya 2001, unawapeza akulimbana ndi kabureta. Ngati unaiwala, ndi chitsulo chija chimasakaniza petulo ndi mpweya injini isanalandire. Inali itatha, inkadontha, inkamwa petulo, nthawi zina ankachita kuigogoda kuti galimoto ilire. Koma inkagwira ntchito, Lloyd. Ndikufuna mawu amenewa uwamve. Galimoto inkayenda.

Iwo maganizo awo anali oipititsa kwa mdala wina wa ku Ndirande amene amadziwa kuzitsitsimutsa. Iwe unaseka pamaso pa anthu onse amene anabwera kudzakuona. Unati alamu, ku Joni zinthu izi zili mbwee, amatayira ana kuti aziseweretsa, ndipatseni yakaleyi ikhale sampulo. Zoona, mwambo wogula zitsulo ndi womwewo: umanyamula chakale kuti wogulitsa akayerekeze ndi chatsopano, poti dzina lokha limanamiza. Koma sampulo munthu amapita nayo ku Limbe m'mawa n'kubwera nayo madzulo. Sapita nayo kunja kwa dziko.

A Tikhala anazengereza. Anati popanda chitsulo ichi galimoto siiyenda ngakhale mutaikankha anthu khumi. Apa ndi pamene ine ndinalowa. Ndinawaitanira kuchipinda n'kuwauza kuti asamuchititse manyazi mlongo wanga pamaso pa anthu, ngati kuti sakumukhulupirira. Anandiyang'ana, anatuluka, anakamasula. Ndinaikulunga ndekha m'mapepala ndi m'chitenje changa chakale. Unalonjeza kuti yatsopano ikhala itafika mu Febuluwale.

Febuluwale wake unali wa njala ija. Chimanga chinkapezeka kutali, ndipo anthu ankadutsa pakhomo pano atasenza timatumba pamutu, akuyang'ana galimoto ili chiimire. Kuyang'ana kokhako kunali kokwanira.

Ndinayamba kupita kuboma kukakuimbira lamya ku bulo ya mafoni. Kawiri unayankha, unati ukuyang'anabe. Ulendo wachitatu anayankha mayi wina amene anandiuza m'Chingerezi kuti unasamuka ndipo sakudziwa kumene unapita. Njira yonse yobwerera ndinkaganiza choti ndikanene. Nditafika ndinawapeza a Tikhala atakhala pakhonde akundidikira. Ndinati, akuti mwezi wamawa.

Limenelo linali bodza loyamba. Ena anabwera mosavuta. Mwezi uliwonse ndinkavala, kukwera njinga, kukakhala pa benchi kuboma, kugula mchere, n'kubwerera ndi uthenga wako. Akuti sitolo yake yasamuka. Akuti yapezeka koma ya mtundu wina. Akuti akudikira dalaivala wa thiraki wodalirika. Ndinafika pompatsa dalaivalayo dzina. Ine amene ndimagwaditsa ana a eni ake akanama za homuweki.

Ndinkadziuza kuti ndikuteteza iwe. Tsopano ndikuona kuti ndinkadziteteza ndekha, chifukwa ndine ndinawakakamiza.

Nthawi yonseyo iwo sanasiye. Anaikweza pa njerwa kuti matayala asaole. Loweruka lililonse ankazunguliza injini ndi dzanja kuti isaume. Pamene panali kabureta anatsekapo ndi kansalu kuti mavu asamangemo. Batire ankalimanga pa njinga kukalitchajitsa kuchigayo. Azakhali a Mervis, ukudziwa pakamwa pawo, tsiku lina anaima pamsewu n'kufunsa kuti, akamwini, nkhuku zanga zikusowa poikira, kodi m'kholamo mukuchititsa lendi zingati? Anthu anaseka. A Tikhala anasekanso. Koma ine ndinamva kuti dzina lija labwerera.

Mu Meyi chaka chino kunabwera a Abbas, mnzawo wakale wa ku Mbombwe amene nawonso anali ndi Pijo. Yawo inagubuduzika, ndiye ankaigulitsa chitsulo chimodzichimodzi. Anapalasa njinga mtunda wonsewo ndi kabureta m'chikwama. Anati, achimwene, ndati ndiyambe ndi inu anthu a ku Mozambique asanabwere, ndipo mtengo wake tikambirana ngati abale. A Tikhala anaitenga m'manja, anaitembenuza, anaiuzira. Ndinaona nkhope yawo. Ndalama inalipo, tinali titangogulitsa mbuzi ziwiri.

Anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti kodi alamu anati chiyani ulendo wathawu. A Abbas anali pomwepo, tiyi ali m'manja. Ndikanatha kunena kuti gulani. Ndikanatha kungonena kuti sindikudziwa. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa mlendo kuti chaka chonse ndakhala ndikunama. Ndinati wagula kale, ili m'njira.

A Tikhala anaibweza. Anauza a Abbas kuti si ulemu kugula chinthu chimene mlamu wako waonongera kale ndalama zake, angaone ngati ukumunyoza. A Abbas anati chabwino, koma Pijo zikutha, mukadzaifuna simudzaipeza. Patatha sabata anaigulitsa kwa anthu aja.

Mwezi watha a Bernard atabwera kutchuthi anadzatilonjera. Tinakhala pakhonde tonse atatu. Ataona galimoto pa njerwa anadabwa. Anafunsa kuti kodi chitsulo chija simunakachitenge kwa makaniko uja wa ku Wenela? Iwo ankaganiza kuti tikudziwa. Anafotokoza akuseka, ngati nkhani ya paulendo. Akuti muli padepoti kudikira basi unatsegula chikwama n'kupeza kuti malaya ako akununkha petulo. Akuti unatukwana, unatulutsa mtolowo, n'kukausiya kwa makaniko wina wapamsewu. Makanikoyo anakupatsa ndalama ya zakumwa, munagawana ndi a Bernard. Akuti unati ku Joni ukangotchula dzina la galimoto akakupatsa, sampulo ndi zachimidzi.

Kabureta ija sinafike ngakhale pa Mwanza, Lloyd. Miyezi makumi awiri takhala tikudikira chinthu chimene chinatsala ku Blantyre.

A Bernard ataona nkhope zathu anasiya kuseka, anatsanzika msanga. A Tikhala anawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa ulemu. Atabwerera anakhala pampando womwewo n'kundifunsa mofatsa kuti, Nester, nanga lamya zija? Ndinawauza zonse. Benchi, mchere, dzina la dalaivala.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Wenela, anayendayenda tsiku lonse. Makaniko uja palibe amene akumukumbuka. Atabwerako anandiuza mawu awa, ndipo ndikulembera monga anawanenera. Anati chitsulo chimatayika, ndipo mlongo wanu ndi mwana, zimenezo sindikuziwerengera. Koma inu mumatuluka Loweruka lililonse kudzandipatsa tiyi ndili pansi pa galimoto, mukudziwa kuti kulibe uthenga. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndakhala pamudzi pano ndikuganiza kuti ndili ndi munthu mmodzi wanga.

Tsiku lotsatira anati akupita kwa Kadewere kukafolera denga la mlongo wawo, a Anjelina. Anatenga zovala zochepa. Koma anatenganso bokosi la masipanala, ndipo denga la udzu silifuna sipanala.

Sabata yatha ndinapita. A Anjelina anandilandira bwino, anandiyalira mphasa, anandifunsa za ana. A Tikhala ndinangowaona patali akusenza nsungwi. Amene anabwera kudzakhala nane ndi a Sungani, nkhoswe yawo. Anati, mayi, mwachita bwino kubwera, koma inu ndinu ophunzira, mwambo mukuudziwa. Nkhani ya banja sitikamba ndi mkazi yekha. Ife tikufuna nkhoswe yanu ikhale apa, tione nkhope yake. Ndinafunsa ngati kalata ingakwanire. Anati kalata siikhala pamphasa.

Tsopano ukuona kumene nkhaniyi ikupita. Chimwalirireni malume, nkhoswe yanga ndiwe. Unavomera wekha pa tsiku lometa, unaimirira ndi suti yako ija n'kunena kuti mbumba iyi ili m'manja mwako. Munthu yekhayo amene angakatenge mwamuna wanga ndi yemweyo amene anasiya chitsulo chake padepoti chifukwa cha fungo la malaya. Ndaganizira zimenezi mpaka mutu kupweteka, koma njira ina palibe.

Nthawi ndi yochepa. A Anjelina anandinong'oneza pondiperekeza kuti abale awo awalozera kale a Tikhala munda wa malemu mayi awo. Sanayambe kugalauza, akuti akudikira kaye. Koma Okutobala akafika pakati adzayenera kusankha koti alime. Akakweza mizere kumeneko adzadzala kumeneko, adzapalira, adzadikira kukolola, ndipo munthu wa msinkhu wawo akakolola kwawo sabwereranso kuchikamwini.

Choncho pempho langa ndi ili. Usagule kanthu. Kabureta usaifunenso, ngakhale utaipeza yaulere. Usatumize ndalama, usatumize mphatso kudzera mwa a Bernard. Pempha tchuthi kwa abwana ako ubwere wekha. Ndikakuperekeza mpaka kwa Kadewere. Ukakhale pansi pamaso pa a Sungani ndi alamu ako, ukanene ndi pakamwa pako zimene unachita padepoti paja, popanda kuseka. Zanga ndikanena ndekha, sindikukusenzetsa. Sindikudziwa ngati akavomere. Koma popanda iwe sandimvera n'komwe.

Ndinakubereka kumsana uli khanda, ndinakulipirira sukulu ndi malipiro anga oyamba, ndipo sindinakupemphepo kanthu. Sindikunena izi kuti undibwezere. Ndikunena kuti udziwe kuti amene akulembayu amakukonda, ndipo kukukonda mopusa ndi kumene kwandifikitsa pano.

Upereke moni kwa a Doreen ndi ana onse. Vincent akupereka moni. Chimwemwe sindinamulembere, ndikuopa kumusokoneza pa maphunziro. Amayi akuti uwakumbukire bulangete. Iwo akudziwa za denga lokha, ndipo dzulo anandifunsa kuti kodi nyumba ya a Anjelina ndi yaikulu bwanji.

Mulungu akusunge ndi kukuyendetsa bwino panjira. Mvula ikagwa usanafike, usadzavutikenso kubwera chifukwa cha ine.

Ndine mlongo wako,
Nester.