Nsalu za Amayi Paphiri

Kumudzi, 9 Ogasiti

Wokondedwa mng'ono wanga Majlinda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Torino kumeneko, iwe, alamu ndi mwana wathu Anxhela. Kuno tikupuma. Bambo miyendo ikadali yomweyo, koma pakamwa sipanadwale: m'mawa uliwonse amatukwana dzuwa, kenako n'kupempha khofi.

Khala pansi, nkhani ilipo.

Ndege ya apolisi ija yayambanso kuzungulira, monga imachitira chilimwe chilichonse. Ikufuna chamba. Olima chamba enieni ali kuseri kwa phiri, aliyense amawadziwa ndi mayina omwe, koma ndegeyo inaona payipi yanga yakuda yochokera kukasupe kudzathirira dimba. Akuti payipi yakuda yodutsa m'tchire ndiyo chizindikiro chawo. Apolisi anabwera ndi mfuti, naiduladula. Ndinalumikiza. Patatha sabata anaidulanso.

Nthawi imeneyo nyemba zinali pamaluwa. Nyemba za amayi, zikuluzikulu zoyera zija, zimene ndasunga mbewu yake zaka khumi ndi zinayi chimwalirireni iwo. Maluwa anayamba kuyoyoka ndi ludzu, ndipo mbewu yonse ndinali nditabzala, osasiyako ndi imodzi yomwe.

Ndinatsikira kupolisi. Ukudziwa amene ali pampando? Kujtim, uja ankakopera masamu anga mamina ali chuu. Pano mimba imatsogola, mwini wake akutsatira. Anandilandira monyoza kuti afika adokotala a zomera, akudziwa bwino kuti ku yunivesite ndinachoka chaka chachitatu kudzasamala odwala kunyumba kuno pamene ena ankakwera sitima ya ku Italy. Ndinamuuza kuti zaka zitatu zangazo zimakwana kusiyanitsa nyemba ndi chamba, nanga iye ndi ndege yonse zikuwakanika pati.

Anati kumwambako saona masamba, amaona payipi yobisala, ndipo wobisa aliyense ali ndi mlandu. Anati akundilangiza ngati mlongo wake: chaka chino ndisiye, ndizigula m'sitolo ngati a Hekuran oyandikana nafe aja, amene anazula okha tomato wawo ndi mantha.

Ndinabwerera kunyumba. Ndinati ngati mlandu ndi kubisa, ndionetsa.

Majlinda, ndinatsegula bokosi la amayi. Munali nsalu zoyera zija zoyala pabedi, zisanu ndi imodzi, zimene anapeta okha maluwa m'mphepete, zimene unati ndisungire ukwati wa Anxhela. Zisanu ndinazing'amba timizeremizere. Ndinakwera kukasupe, n'kuisolola payipi m'zitsamba, n'kuikulunga yonse mpaka padimba. Zinanditengera masiku awiri. Tsopano paphiri pali mzere woyera woti ngakhale wakhungu ali m'ndege auona.

Bambo ataona anangoti amayi akanandimenya ndi chipande, kenako akanandigwirira mbali inayo kuti nsalu ing'ambike mowongoka.

Lachiwiri apolisi anabweranso. Anatsata mzerewo kuchokera pamwamba, nadzatulukira m'nyemba zanga, ine ndili chilili ndi khasu. Kujtim anali ndi mpeni m'manja. Anawerama, nagwira kansalu kokhala ndi duwa lofiira, nafunsa ngati ndi manja a amayi athu, poti amayi athuwo anawapeterako amayi ake zotero. Ndinati ndi manja awo, ndipo ngati akufuna adule, koma adule pakati pa duwalo ine ndikuona. Anati mutu wanga sunayendepo bwino chiyambire kusukulu. Mpeni anabweza m'thumba. Khofi sindinawapatse.

Ndikudziwa ulira, ndipo unena kuti ndasinthanitsa manja a amayi ndi ndiwo. Nena. Koma nsaluzo zagona mumdima zaka zonsezi zikununkha mankhwala a njenjete, pamene nyembazi n'zimene zimatidyetsa ine ndi bambo. Iwe amayi unawatsekera m'bokosi. Ine ndimawathirira.

Sindikupempha chikhululukiro. Ndikupempha kuti Anxhela umuuze zoona, usakanene kuti njenjete zinadya. Nsalu yotsalayo ndidzamutumizira pa basi mu Okutobala, pamodzi ndi botolo la mbewu. Adzaone yekha chimene chidzafike kwa ana ake.

Ndege yadutsanso lero m'mawa, pansipansi. Ndinali kuthirira. Sindinakweze mutu.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu, ndipo Anxhela umupsompsone pachipumi. Bambo akuti ubwere usanaiwale njira. Sungasochere, ungotsata mzere woyera.

Ndine mkulu wako,
Vjosa