Ndimachapa, ndimawiritsa, koma nsomba za apongozi zikufa

Aphungu,

Ndili ndi mantha kuti nsomba za apongozi anga zithera m'manja mwanga, ndipo sindikudziwa sefa yoyeretsera madzi awo yoti ndigule.

Ndimagwira ntchito kuchipatala, m'chipinda chimene timatsukira ndi kuwiritsa zida za opaleshoni. Apongozi aamuna anabwera kudzakhala nafe atadwala sitiroko. Dzanja lamanja silinyamuka, mawunso amatuluka movutikira. Mlamu wanga anawabweretsera thanki yagalasi ya malita 100 ndi nsomba zinayi zagolide, zija za michira yaitali yolendewera. Tinaiika pakabati pabalaza, pafupi ndi mpando wawo. Munthu amene ankaswera duu osayankhula anayamba kukalipira nsomba. Yaikulu anaitcha Kapitawo, poti imathamangitsa zinzake pa chakudya. Tsiku lina ndikulowa m'nyumba ndinawamva akuti, "Iwe Kapitawo, dyera!" Ndinagwetsa misozi pakhomo pomwepo, chikwama chili m'manja.

Pano ziwiri zafa. Madzi amachita mbuu, ndipo zotsalazo zimangokhala pamwamba, kukamwa kuli yasa. Itafa yachiwiri, apongozi anakana chakudya n'kupempha kuti tiwatembenuzire mpando kukhoma.

Ukhondo sindinyozera, Aphungu. Loweruka lililonse ndimachotsa kasefa kamene kanabwera ndi thankiyo, siponji yake ndimaichapa ndi sopo n'kuiwiritsa, madzi onse ndimataya n'kuthira atsopano a pampopi. Ndiye vuto ndi kasefako basi. Kusitolo wogulitsa anandionetsa chisefa chonga chimgolo chamapaipi awiri, n'kunena kuti, "Mayi, tengani ichi, chimakoka madzi ngati galimoto yozimitsa moto." Amuna anga akuti, "Gulani champhamvucho, inu. Apo ayi, mukawauze nokha bambo tsiku limene Kapitawo adzayandame chagada."

Ndigule iti?

T.N.K., kuno kutauni


Mayi T.N.K.,

Pumani kaye. Nsomba ziwirizo zikhoza kupulumuka, ndipo chimgolo chija chisiyeni m'sitolo momwemo.

Sefa ya nsomba imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yooneka: kukola zinyalala. Yachiwiri ndiyo yaikulu, koma maso saiona. Nsomba ikadya imatulutsa zonyansa zimene zimasanduka poizoni m'madzi. M'timabowo ta siponji mumamera tizilombo tabwino timene timadya poizoniyo, ndipo timatenga masabata angapo kuti tichuluke. Kuntchito kwanu tizilombo ndi adani, ndipo odwala ali moyo chifukwa cha manja anuwo. Koma m'thanki ndi antchito anu, ndipo Loweruka lililonse mwakhala mukuwawiritsa. Madzi a pampopi, ndi mankhwala ake aja a kolorini, amamaliza totsalato n'kuotchanso makha opumira a nsomba. Musadziimbe mlandu, chifukwa palibe anakuuzani.

Tsono sefa. Nsomba za michira yaitali sizidziwa kulimbana ndi madzi othamanga. Sefa yamphamvu kwambiri idzazikankhira pakona mpaka kutopa. Komanso nsomba zagolide zimadetsa madzi kuposa zinzake zambiri, choncho tisefa ting'onoting'ono tobwera ndi thanki kawirikawiri sitikwanira. Inu funani sefa ya siponji yaikulu, koma yoyendetsa madzi modekha.

Ndikanakhala ine, ndikanatenga imodzi mwa ziwiri izi. Pali yopachika m'mphepete mwa thanki, imene imabweza madzi ngati kamathithi. Sankhani yokhala ndi kotembenuza kochepetsera liwiro, ndipo werengani pabokosi: izitha kuyendetsa madzi a thanki yonse kanayi kapena kasanu pa ola, kutanthauza malita 400 mpaka 500 kwa inu. Ina ndi siponji yaikulu yokhala pansi m'madzi, yoyendera kapampu ka mpweya. Imeneyi ndi yosavuta kusamala, ndipo thovu lake limathandiza nsomba zimene zikusowa mpweya ngati zanuzo. Kapampuko kamalira pang'ono, koma mukakaika pa kansalu kopinda kamachepetsa phokoso. Muuzeni wogulitsayo ayatse muimve musanalipire. Akanyinyirika, muuzeni kuti kunyumba kuli wodwala amene amakhala nayo pafupi tsiku lonse.

Mukafika nayo, kasefa kakale musakataye. Ziyendere limodzi kwa mwezi, usana ndi usiku, osazimitsa. Madzi musatayenso onse. Pamene nsomba zikupuma movutika chonchi, chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi masiku awiri alionse, zikadzachira muzichita kamodzi pa sabata. Madzi atsopano muzithiramo kaye mankhwala ochotsa kolorini, amene amagulitsa m'sitolo yomweyo, ndipo asakhale ozizira kuposa a m'thanki. Chakudya chikhale chochepa, choti zimalize inu muli chiimire. Funsaninso m'nyumbamo kuti amadyetsa ndi angati, chifukwa ndikukayika kuti ndi mmodzi.

Siponji ikadzatsekeka, ifinyeni pang'ono m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki, n'kuibwezera ikadali yabulauni. Ndikudziwa kuti mtima wanu udzawawa. Pirirani.

Chenjezo langa ndi ili: musagule nsomba zina zolowa m'malo mwa zakufazo, ngakhale mlamu wanu abwere nazo m'thumba akumwetulira. Thanki ya malita 100 yakwanira ndi ziwirizo. Ndipo sopo asayandikirenso ndowa, siponji kapena manja olowa m'madzimo.

Madzi sadzayera tsiku limodzi, koma chizindikiro choyamba sichichedwa: nsomba zidzatsika pamwamba paja n'kuyamba kufufuza pansi. Loweruka likubwerali, poto wowiritsira siponji asakhale pamoto. Tembenuzani mpando uja, ikani ndowa pa tebulo laling'ono patsogolo pa apongozi, muwauze kuti mwalephera nokha ndipo mukufuna thandizo lawo. Kufinya siponji kumatheka ndi dzanja limodzi. Tayesani, mayi.

Aphungu