Malayini a ku Nuevo Baztán

Lamlungu, 4 Meyi 2025

Achimwene a Dulla akana. Abwera kuno ku Markham atatseka shopu yawo ya ku Scarborough, amwa tiyi, kenako n'kunena kuti mwana wanga Aaliyah sapita ku Spain. Yunivesite yamusankha kuti akakhale miyezi iwiri m'katauni kotchedwa Nuevo Baztán, azikayeza ndi kujambula nyumba zakale. Iwo akuti, "Mwana wamkazi wa Chisilamu azikakwera pa tchalitchi cha eni ake, ine ndili moyo?"

Mwamuna wanga Raheem amangoyang'ana m'kapu ngati mwanayo si wake. Iye amati nkhani za mwana ndi za amalume ake, mwini mbumba, kaya ndi ku Nkhotakota kaya ndi ku Canada. Aaliyah anangoti, "Mom, seriously?" n'kukadzitsekera kuchipinda. Yunivesite ikufuna yankho pofika pa 16.

Sindinatsutsane nawo. Achimwene ukawakwezera mawu, m'pamene amakanitsitsa.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndili ndi msonkhano wa kuntchito ku Madrid umene ukuyamba mawa, ndipo tauniyo sili kutali ndi mzindawo. Ndawerenga zonse zimene ndapeza. Inamangidwa zaka mazana atatu zapitazo ndi munthu mmodzi wachuma, pamalo pamene panalibe tauni. Anayamba waijambula papepala: nyumba yake, tchalitchi, mafakitale a magalasi ndi nsalu, nyumba za antchito. Ndikadzionere ndekha, ndibwere ndi umboni. Kulira kwa mwana sikungawasunthe achimwene.

Loweruka, 10 Meyi

Ndafikako pa basi. Tauni yabata, yamiyala yoyererako. Nyumba ya mwini tauni ndi tchalitchi n'zolumikizana, khoma lake limodzi, nsanja zosongoka pamwamba. Mabuku amati kamangidwe kameneka, kotchedwa baroque, n'kodzionetsera, koma kuno kudzionetserako anakusungira pakhomo la tchalitchi ndi m'kati mwake. Kwina konse ndi mizere yowongoka basi. Zandisangalatsa. Womangayo ankadziwa poyenera kuchulukitsa zokongoletsa ndi poyenera kuleka.

Ndafunsa za malo ogona ophunzira, za chakudya, za chipatala. Mayankho onse abwino.

Masana ndinawaimbira achimwene pa vidiyo, kwawo kuli m'mawa. "Chemwali, ndili ndi makasitomala." Ndinawafotokozerabe zonse mwadongosolo. "Ndaona, ndi tchalitchi," anatero. Umboni wanga wonse unathera pomwepo.

Ndinayamba kubwerera kokwerera basi foni ikuonetsabe kutsogolo. "Imani! Tabwererani pang'ono." Ndinabwerera. Msewu wowongoka, nyumba zofanana mbali zonse. "Amenewo si malayini?"

Ndinaima chilili. Sabata yonse ndakhala ndikuwerenga za tauniyi koma sindinazione, chonsecho tonse awiri tinakulira m'malayini a antchito pa esiteti ya nzimbe. Achimwene anayamba kundiyendetsa okha. "Pitani chakumtunda. Zazikuluzo, zoyandikana ndi bwana, n'za makalaliki ndi akapitawo. Tsikani. Mwaona zikuchepa? Ife tikanakhala kumapeto uko." Mabuku amanenanso chimodzimodzi, koma iwo sanawerenge buku lililonse la kuno.

Kenako anakumbuka zakale. Mawu awo anatsika. Anati bambo athu anadula nzimbe mpaka msana kupindika, koma akaitanidwa kwa manijala ankadzera kuseri, nsapato zili m'manja. Ine ndinali wamng'ono, sindikukumbuka.

"Ndiye Aaliyah azikalowa m'nyumba ya bwanayo?"

"Tsiku lililonse, ndi tepi yoyezera. Mpaka kudenga."

"Khomo lakutsogolo?"

"Lakutsogolo."

Ndinamva mawu a bambo Laban, kasitomala wawo wa ku Chipata, akuseka: "Ba Dulla, mulekeni mwana ayende, imwe!" Foni inaduka.

Lolemba, 12 Meyi

Ndafika kunyumba. Achimwene zii. Aaliyah akudya ngati wodwala. Raheem akutsuka galimoto yoyera kale.

Lachitatu, 14 Meyi

Abwera madzulo osaimba foni, katoni ili m'khwapa. Anakhala pampando waukulu, anatiitana tonse, n'kutembenukira kwa Raheem. "Alamu, ine ndaiganizira nkhaniyi. Kuyeza khoma si kugwada. Musamamutsekereze mwana." Raheem anatsegula pakamwa, ndinamuponda chala, anatseka.

Malamulo alipo ndithu. Swala asaphonye, nkhumba ayi, Lachisanu lililonse aziwaimbira iwo, osati ine. Aaliyah amangovomera ndi mutu, iwo asanamalize n'komwe chiganizo. Ndinamuuza kuti ayankhe yunivesite pompo amalume ake asanaonjezere lamulo lina. Anatumiza yankholo. Zatheka! Ndapambana, ngakhale umboni wangawo palibe amene anaufunsa.

M'katoni munali nsapato za pantchito yomanga, zachitsulo kumphuno, zazikulu kuposa phazi lake. Akuti adzavala masokosi awiri. Anazivala pomwepo, n'kumayenda pabalaza gu! gu! gu! pa kapeti wanga, ine osaletsa.

Kenako achimwene anamukodola.

"Aaliyah, tamvera. Ukakafika pakhomo la bwanayo, usakavule nsapatozo."