Wodwala wa ku Chilomoni

Naperi,
Blantyre.
21 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Raymond,

Ndikhulupirira muli bwino ku Cape Town pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chiperoni chatigwira, zovala sizikuuma pachingwe. Kalatayi ndapatsira a Blackson amene akubwerera konko pa basi. Ndayesa kangapo kukujambulirani mawu pa foni, koma ndimangofufuta.

Lachinayi lapitali masana ndinali pa shifiti m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi. Manesi tinalipo awiri, ine ndi Sisita Precious, mabedi onse odzaza, anthu ena ali pamabenchi. Foni inalira. Anali a Hussain a pa ambulansi ya mishoni, bambo wofatsa wa ku Bangwe amene wakhala akutibweretsera odwala kwa zaka ndithu.

"Sisita Mervis, ndikubwera ndi bambo wachikulire kuchokera ku Chilomoni. Chifuwa chakale, akubanika. Okosijeni ndawapatsa, m'magazi wakwera bwino, koma mpweya woipa sukutuluka."

Ndikufotokozereni pang'ono. Ambulansi yawoyo ili ndi kamakina kamene amalumikiza pamphuno pa wodwala, koyeza mpweya woipa umene timatulutsa popuma. Munthu ali bwino nambala yake imakhala cha m'ma 40. Ikamakwera ndiye kuti mapapo atopa, mpweyawo ukuunjikana m'thupi, ndipo wodwala amayamba kusinza. Achibale amaona ngati akupezako bwino, chonsecho akupita.

"Ili pati?" ndinafunsa.

"Ndawapeza pa 58, pano 66. Ayamba kusinza. Okosijeni ndachepetsako, ndikuwadzutsadzutsa. Koma magalimoto athithikana m'tauni muno."

"Ndikonze chiyani?"

"Makina othandiza kupuma, ndipo adokotala akhale pafupi. Awa si odikira pabenchi."

Ndinapempha mnyamata wina amene tinali titamumanga kale mkono kuti akhale pampando, bedi n'kupezeka. Makina ndinakabwereka ku wodi ya abambo. Asisita a kumeneko anayamba ndi kukana, poti nawonso ndi omwewo, koma nditawauza manambala aja anandithandiza okha kukankha. Adokotala ndinachita kukawatulutsa pa nkhomaliro. A Hussain anaimbanso kuti yafika 71, wodwala sakuyankha, ayamba kumupopera mpweya ndi manja. Mawu awo sanasinthe, nanenso mtima unali m'malo.

Chitseko cha ambulansi chitatseguka, oyamba kutsika anali amayi athu, atanyamula nsapato za bambo m'manja.

Achimwene, wodwala uja anali bambo athu. Bambo anali pa sitiretcha, milomo itada, mutu utapendekera kumbali. A Hussain anaima patsogolo panga n'kuyamba kupereka lipoti monga amachitira masiku onse: mmene awapezera, mankhwala amene awapatsa, mmene nambala yayendera. Dzina analitchula pomaliza.

"Mwamva zonse, sisita?"

"Ndamva."

"Ndiye Sisita Precious apitirize. Inu gwirani dzanja la bambo anu."

Ndinatero. Zonse zinali zokonzeka, moti anangowasamutsa n'kuwaveka masiki ya makina aja. Amayi anakhala pansi pakona, akungobwereza kuti, "Ine ndimayesa agona, Mervis. Ndimawaletsa awa kuti asiyeni apumule, sanagone sabata yonse." Dzuwa likupendeka nambala inayamba kutsika. Bambo anatsegula maso, n'kuloza juzi yawo imene tinaidula ndi sizasi, n'kupukusa mutu. Tonse tinaseka, amayi akulira.

Nditatuluka ndinapeza a Hussain abweranso ndi wodwala wina, akupukuta m'galimoto mwawo. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Anati anaona chithunzi changa cha yunifolomu chija pabalaza, ndipo amayi anawauza.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinaliganizira njira yonse," anatero. "Ndikanakuuzani mukanathamangira kugeti kukatichingamira. Ine ndimafuna nesi woti apeze bedi ndi makina. Ngati ndalakwa, mundikhululukire."

Ndinabwerera m'kati. Mpaka lero ndikamaganiza kuti bambo akanatha kutsirizikira panjira ine ndikuwatcha "wodwala wa ku Chilomoni", mtima umandiwawa. Komanso ndikudzidziwa, kugetiko ndikanapitadi. Dzulo a Hussain ndawapatsa moni ndi manja awiri, iwo n'kungofunsa kuti madala adzuka bwanji.

Bambo akadali mu wodi, koma makina awachotsa ndipo akudya phala. Adokotala anandiitanira pambali. Akuti mapapo anatha ndi utsi wa kuwotcherera zitsulo ku Ndirande kuja, kuphatikizapo fodya. Kushopu sabwereranso. Chaka chino apulumuka, koma za chisanu chikubwerachi palibe akulonjeza.

Bambo andiletsa kukuuzani. Akuti, "Raymond ali ndi mabvuto ake, usamusokoneze mutu." Ndinavomera pamaso pawo, koma nditafika kunyumba ndinaona kuti sindingathe. Musatumize kanthu, za mankhwala tikukwanitsa. Chimene ndikupempha ndi chakuti mukalankhule ndi abwana anu mubwere, ngakhale sabata imodzi, iwo akadali okhoza kukhala pakhonde n'kukangana nanu za mpira. Mwana wanu Alinafe sanamuonepo, amangomudziwira pa foni. Mukatha mubwere naye.

Mukaimba musawaonetse kuti mwamva. Ayamba okha kukunamizani kuti ndi chimfine, inu mungovomera.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti muzivala zofunda. A Chancy apaneba ndi amene akutisungira nyumba ku Chilomoni, nawonso akupereka moni. Wa bambo sindinawapemphe, mudzaulandire nokha.

Ndine mlongo wanu,
Mervis Malizani